Dziwani ufulu wanu: kuchititsa lendi nyumba kwa alendo ku London

Amalawi amene mukukhala ku London, lamulo limakulolani kuchititsa lendi nyumba yanu kwa alendo a masiku ochepa, monga kudzera pa Airbnb, popanda chilolezo chapadera. Koma pali malire. Kuyambira mu 2015, masiku ogona alendo asapitirire 90 pa chaka, kuwerenga kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo mukhale inuyo amene mumalipira msonkho wa khonsolo wa nyumbayo. Cholinga chake n'chakuti nyumba zokhalamo mabanja zisathere kusanduka malo ogona alendo.

Mukafuna kupitirira masikuwa, yambani mwapempha chilolezo ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ya dera lanu. Akakukanizani, muli ndi ufulu wochita apilo ku bungwe la Planning Inspectorate. Konzani kalata yokukanizaniyo ndi mapepala onse amene munapemphera chilolezo.

Ngati nanunso muli pa lendi, funsani kaye eni nyumba, kuopa kuthamangitsidwa.

Ngati mwayandikana ndi nyumba imene imalandira alendo chaka chonse, mukhoza kukadandaula ku khonsolo komweko. Perekani adiresi ya nyumbayo, masiku amene alendo anagonamo ndi chithunzi cha malonda ake a pa intaneti.