Kukonzekera Ulendo Wogonera M'boti ku Zilumba za Darwin ndi Wolf

Zilumba za Galápagos ndi za dziko la Ecuador, ndipo zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kugombe la South America. Kumpoto kwenikweni kuli tizilumba tiwiri, Darwin ndi Wolf, komwe kulibe mudzi kapena hotela, ndipo alendo saloledwa kutsikira kumtunda. Wofuna kusambira pansi pa madzi kumeneko amakwera boti lomwe amagonamo, kudyeramo ndi kusungiramo masilinda a mpweya kwa sabata yathunthu. Kutalikaku ndiko kumasunga shaki zambirimbiri pamalopo, komanso ndiko kumachititsa vuto laling'ono kukula msanga. Pokonzekera, muziyamba ndi mtundawo.

Musanayang'ane mitengo ya maboti, tsegulani buku lanu lolembamo maulendo a pansi pa madzi n'kudziweruza mosakondera. Maboti ambiri amafuna munthu wodziwa, ndipo ena amapempha kuti mukhale mutatsikapo maulendo 50 kapena kuposa. Chiwerengerocho pachokha sichikwanira. Ambiri mwa ife tinaphunzirira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, pakati pa mbuna, m'madzi ofunda ndi odekha. Ndi sukulu yabwino, koma ku Wolf madzi amathamanga ngati Shire nthawi ya dzinja. Mumagwa chagada kuchoka m'kaboti kamphira kotchedwa panga, n'kutsika nthawi yomweyo osayandama kaye pamwamba, kenako n'kugwira mwala kuti musakokoloke. Madzi amchere amayandamitsanso thupi kuposa a m'nyanja yathu, choncho mtovu womwe munazolowera palamba udzachepa. Ngati simunasambirepo m'madzi otere, kaphunzireni kaye kufupi: ku Tofo ku Mozambique kapena ku Aliwal Shoal ku South Africa. Tenganinso satifiketi ya nitrox, mpweya wokhala ndi okosijeni wochuluka, nthawi zambiri magawo 32 pa 100. Mukamatsika katatu kapena kanayi patsiku, umachepetsa nayitirojeni wolowa m'thupi.

Kenako sankhani nyengo. Kuyambira Juni mpaka Novembala madzi amazizira, nyanja imawinduka, koma ndi nthawi yomwe shaki zikuluzikulu zamawangamawanga, nsomba zazikulu koposa padziko lonse, zimadutsa ku Darwin. Kuyambira Disembala mpaka Meyi kumafunda ndipo nyanja imadekhako. Shaki zamutu ngati hamala zimapezeka chaka chonse. Ine ndingalangize woyamba kumene kupita nyengo yofunda, chifukwa munthu amene wagona ndi nseru usiku wonse sasangalala ndi nsomba iliyonse, ikule chotani.

Posankha boti ndi pomwe muyenera kukhala wamafunso. Zithunzi za zipinda ndi chakudya zisakutengeni mtima. Ambiri mwa mabotiwa amanyamula alendo 16 kwa masiku asanu ndi awiri, kunyamukira ku San Cristóbal kapena ku Baltra, ndipo malo amatha kukadali miyezi yambiri. Lemberani eni boti muwafunse kuti mtsogoleri mmodzi amayang'anira anthu angati, ali ndi okosijeni wangozi wokwanira maola angati, ndiponso ngati amapatsa aliyense kachipangizo kolozera pomwe ali ngati madzi amutengera kutali. Funsaninso za moto. Mu Seputembala 2019 boti lotchedwa Conception linapsa usiku pafupi ndi gombe la California, anthu 34 n'kufa ali m'chipinda chapansi. Ofufuza anapeza kuti panalibe mlonda woyendera boti usikuwo. Ndiye funsani mosapita m'mbali: kodi usiku pamakhala wolondera? Nanga chipinda chogona chili ndi khomo lachiwiri lothawirapo? Kampani yoyankha mozemba isalandire ndalama zanu.

Inshuwaransi isakhale ya apaulendo wamba, chifukwa yambiri yotere sikhudza ngozi za pansi pa madzi. Chipinda chochiritsira amene nayitirojeni wachita thovu m'magazi mwawo chili ku Puerto Ayora pachilumba cha Santa Cruz, ndipo kuchokera ku Darwin boti limayenda usiku wonse ndi kupitirira kuti lifike kumeneko. Bungwe la Divers Alert Network limagulitsa inshuwaransi yolipira chithandizochi ndi kunyamulidwa mwangozi. Muwerenge pepala lake bwinobwino, makamaka kuya komwe limalola. Kawonaneninso ndi dokotala, ndipo dzino lobowoka likonzedwe musananyamuke, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'dzino umapweteka koopsa pokwera.

Za zovala, ambiri amalakwitsa poganiza kuti poti ndi pa Equator ndiye kuti n'kotentha. Madzi ozizira a Humboldt amabwera kuchokera kumwera, ndipo a Cromwell amatumphuka kuchokera pansi kumadzulo kwa zilumbazi. Ku Punta Vicente Roca ndi ku Cabo Douglas, komwe abuluzi am'madzi amadya ndere pamiyala, kuzizira kumafika m'mafupa. Tengani wetsuit ya mamilimita 7, chophimba mutu, ndi magolovesi olimba, chifukwa miyala yogwirayo ili ndi tizigoba tocheka manja. Musaiwale chibaluni chachitali chofiira chomwe mumafufumitsa pokwera kuti woyendetsa panga akuoneni pakati pa mafunde, ndipo muyeserere kuchiponya musanapite. Regulator yanu, chida chopumira mpweya wa m'silinda, ikonzedwe kudakali mwezi, n'kuiyesa m'madzi. Chida chongochoka kumene kwa makaniko chisakayesedwere ku Wolf. Kompyuta yapamkono, mandala akumaso ndi mankhwala anu zikhale m'chikwama cholowa nacho m'ndege.

Ulendo wandege ndi wautali ndipo umadutsa m'maiko angapo, choncho fufuzani za viza ya Ecuador komanso ya maiko odutsamo musanagule tikiti. Ndege zopita kuzilumba zimanyamukira ku Quito kapena ku Guayaquil. Fikani kudakali tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa boti silidikira munthu kapena katundu wotsalira. Musanakwere ndegeyo mumagula khadi lolowera kuzilumba la madola 20, ndipo kuyambira Ogasiti 2024 mlendo wamkulu wochokera kunja amalipira madola 200 olowera m'paki. Ecuador imagwiritsa ntchito dola ya America, ndiye nyamulani ndalama zapamanja zokwanira izi, nitrox ngati amalipiritsa padera, ndi kangachepe kothokozera ogwira ntchito m'boti. Ngati zithunzi zomwe munaona zikusonyeza chipata chamwala cha Darwin's Arch, dziwani kuti denga lake linagwa mu Meyi 2021. Zatsala ndi mizati iwiri, koma shaki zikadali pansi pake.

Mukakwera boti, imwani mankhwala a nseru lisananyamuke, imwani madzi ambiri, mowa muusiye. Tsiku lomwe khutu likuwawa kapena thupi lalefuka, khalani m'boti ngakhale anzanu akukukokani. Pomaliza werengani maola: mukasambira masiku angapo motsatizana, Divers Alert Network imalangiza kudikira maola osachepera 18 musanakwere ndege, ndipo ambiri amadikira 24. Tikiti yobwerera muigule molingana ndi zimenezi.