ZA KUSUNGA THUPI NDI MTIMA M'NYENGO YA NCHITO

Inu eni mabanja, kawiri kawiri timalangizana za mbeu, za manyowa, za mizere ndi za nkhokwe. Koma lero tinene za mwini munda. Mlimi wanzeru anola khasu lace, nalimbitsa mpini mvula isanagwe. Khasu likathyoka angathe kubwereka kwa mnansi, koma thupi lace sangabwereke kwa munthu ali yense.

Taganizirani za dzinja, kuyambira Disembala kufikira Febuluwale. Pamenepo zinthu zitatu zikomana pamodzi. Nchito icuruka, ndiyo kubzala, kupalira ndi kubandira. Cakudya cicepa, pakuti cimanga cakale ciri kutha ndipo catsopano sicinace. Matenda naonso acuruka, makamaka malungo ndi kutsegula m'mimba. Tsono udzu wa m'munda sulinda wodwala. Cimanga cibvutika koposa ndi udzu m'masabata 6 oyamba citamera. Munthu akagona pamphasa masabata awiri pa nthawi yomweyi, adzaona kuperewera kwace pokolola, ndipo ana ace adzamva njala caka camawa. Cifukwa cace kusunga thupi ndi mbali ya ulimi, monga kupalira komwe. Makhalidwe amene tinena pano safuna ndalama zambiri. Afuna kuwacita tsiku ndi tsiku.

1. Za nthawi ya kugwira nchito

Lawirani kumunda mbanda kuca, kukali kozizira. Dzuwa likafika paliwombo, khalani pamthunzi, ndipo mubwerere ku nchito litapendeka. Munthu wolima pa dzuwa la masana ataya madzi ambiri ndi mcere mwa thukuta, mphamvu yace nicepa, ndipo mizere yace siicuruka monga ayesa iye. Akulu anati, kuthamanga si kufika.

Zizindikiro za kucepa kwa madzi m'thupi nzi: mutu kuwawa, cizungulire, ndi mkodzo wocepa wofiirira. Mukaona izi lekani khasu, mumwe, mupume. Mnzanu akagwa m'munda, thupi lace liri moto, nayamba kubwebweta, mgonekeni pamthunzi, mthireni madzi thupi lonse, mkupizeni, ndipo mumtengere ku cipatala msanga.

Sungani msana. Pofika pa mapeto a mzere imirirani, muwongoke pang'ono. Ponyamula katundu pansi pindani maondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, miyendo ndiyo inyamule. Thumba la makilogalamu 50 mulinyamule awiri. Mnyamata aseka cilangizo ici, koma adzacikumbukira atakula.

2. Za cakudya

Ambiri apita kumunda m'mimba mulibe kanthu, nakhala kufikira madzulo. Kutero ndiko kudzibera mphamvu. Idyani kanthu musanacoke, kapena phala, kapena mbatata, kapena mkute wotenthetsa bwino. Ndipo mutenge thobwa m'cigubu.

Nsima yokha ikhutitsa, koma siimanga thupi lonse. Alangizi a m'Malawi agawa zakudya m'magulu 6: zokhutitsa, monga cimanga, mapira, cinangwa ndi mbatata, za mtundu wa nyemba, monga nandolo, khobwe, soya ndi mtedza, zocokera ku nyama, monga usipa, matemba, mazira, mkaka ndi ngumbi, masamba, zipatso, ndi mafuta. Yesetsani kuti banja lilaweko magulu ambiri pa tsiku. M'dzinja nkhwani, bonongwe, cisoso ndi khwanya sizisowa, ndipo mango acuruka. Masamba musawaphike nthawi yaitali, ndipo muwathire nsinjiro. Ufa wa mgaiwa uposa ufa woyera, pakuti zambiri zopatsa mphamvu zicoka ndi gaga.

Kuli nthenda yogwira anthu amene adya cimanga cokha miyezi yambiri. Asing'anga a ku cipatala aicha pelagra. Khungu lida ndi kukakala pamene pagunda dzuwa, ndiko pakhosi ndi kunja kwa manja. Munthu atsegula m'mimba, ndipo pambuyo pace nzeru zisokonezeka. Kale anthu anayesa kuti ndi nthenda yopatsirana, kufikira Joseph Goldberger anasonyeza ku America mu 1915 kuti icokera ku kuperewera kwa zakudya. Mu 1990 inagwira anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anakhala m'Malawi, mtedza utaleka kufika m'cakudya cao. Potero musagulitse mtedza wonse ndi nyemba zonse pokolola. Patulani za m'dzinja, ndipo amai afutse mfutso.

Mcere ukhale wocepa. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiwo kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerenga ndi wa m'ndiwo womwe. Mcere wambiri ukweza kuthamanga kwa magazi, nthenda imene ikhala m'thupi zaka zambiri osawawa, kenaka nigwetsa munthu, ziwalo nizifa. Mukapita ku cipatala pa cifukwa ciri conse, pemphani kuti akuyeseni.

3. Za madzi

Tengani madzi akumwa pocoka kunyumba, kuti ludzu lisakufikitseni pa cithaphwi kapena pa madzi a m'dambo. Mvula ikokolola zonyansa za m'chire nizithira m'mitsinje ndi m'zitsime zosaphimba. Madzi amene sali a pa mjigo muwawiritse, kapena muthiremo klorini monga mwa cilangizo ca alangizi a zaumoyo. Mtsuko ukhale wobvundikira, ndi cikho cace cotungira cimene munthu samwera.

Nyumba iri yonse ikhale ndi cimbudzi cobvundikira, kuti nchenche zisatenge zonyansa kunka nazo pa nsima. Sambani m'manja ndi sopo pocoka kumeneko, ndiponso musanadye. Sopo akasowa, phulusa lithandiza. Sambani pa madzi othirirana, losati nonse m'beseni limodzi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo njira yace ndiyo yomweyi, madzi oipa ndi manja osasamba.

Munthu akatsegula m'mimba, cimene cimupha ndico kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni madzi a mcere ndi shuga a m'mapaketi a ku cipatala. Akasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi la mcere. Amwe pang'ono pang'ono kosaleka, pamene mulinkumtengera ku cipatala.

4. Za tulo ndi udzudzu

Munthu wamkulu afuna tulo ta maora 7 kapena 8. M'tulo minofu yotopa ikonzeka, ndipo maganizo apuma. Wogona pang'ono akwiya msanga, aiwala, ndipo ndiye adzitema ndi khasu kuphazi. Mukafuna kulawira, gonani msanga.

Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Ciyambire pamenepo cadziwika kuti malungo sadza ndi mango, kapena ndi kubvumbwa mvula, koma ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene uluma usiku ndi kuswana m'madzi oima. Gonani m'masikito usiku uli wonse, inu ndi banja lonse, ndipo muyambe ndi ana ang'ono ndi amai apakati. Masikito akang'ambika asokeni. Musawasandutse ukonde wa nsomba kapena mpanda wa nazale. Kwirirani maenje osunga madzi pafupi ndi nyumba.

Thupi likatentha musanene kuti, Nditsirize munda uwu poyamba. Pitani tsiku lomwelo akayese magazi. Akakupatsani mankhwala a LA, imwani kawiri pa tsiku masiku 3 kufikira atatha, ngakhale mwayamba kupeza bwino. Tsiku limodzi la ulendo wa ku cipatala liombola masabata a kugona.

5. Za mowa

Thobwa lilimbitsa wolima, koma mowa umfoketsa. Mukaitana anansi ku dima, nchito itsogole, cakumwa cidze pambuyo. Kacasu aononga ciwindi, ndipo ambiri agulitsa cimanga ca ana cifukwa ca iye. Ena amwa kuti agone, koma tulo ta mowa nta maliwondeliwonde, ndipo adzuka otopa. Ena amwa kuti aiwale ngongole, koma m'mawa aipeza iri pomwepo, ndipo yakula.

6. Za nkhawa za mumtima

Mwini banja asenza katundu wina wosaoneka: mvula yacedwa, feteleza wakwera mtengo, ana afuna za sukulu, mwini katapila ali pakhomo. Amuna ambiri anaphunzira kuti mwamuna salira, motero abisa zonse mumtima. Koma nkhawa yobisika icotsa tulo, icotsa njala ya cakudya, ndipo ibala ukali pa mkazi ndi ana.

Citani izi. Madzulo khalani pansi ndi akazi anu, muwerenge poyera cimene catsala m'nkhokwe, miyezi yotsala kufikira zokolola, ndi ngongole zonse. Bvuto lowerengedwa licepa kuopsa kwace, ndipo anthu awiri aona njira imene mmodzi sanaione. Pangani nchito ya mawa musanagone, ndipo ikhale yolingana ndi tsiku limodzi. Musalime munda woposa manja a banja lanu. Munda waung'ono wopalira bwino uposa waukuru wogonja ndi udzu. Musathe masiku onse a kupalira pa ganyu m'minda ya eni. Pumulani tsiku limodzi pa sabata. Cezani ndi anzanu pabwalo, sewerani bawo, sekani ndi ana. Mukhale ndi munthu mmodzi wokhulupirika, kapena mbale, kapena nkhoswe, kapena bwenzi, amene mungamuululire za mumtima. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo yang'aniranani. Mukaona munthu wakhala masabata awiri kapena kuposa wosakondwa ndi kanthu, wosagona, wosadya, wodzipatula, musamuyese waulesi kapena wolodzedwa. Imeneyi ndi nthenda ya maganizo, ndipo ithandizika ku cipatala monga nthenda zina. Akayamba kunena za kufuna kufa, musaseke mau ace, ndipo musamsiye yekha. Mfunseni mofatsa, mumvere, mumperekeze ku cipatala. Mankhwala a mbeu ndi a m'nkhokwe akhale otsekeredwa m'nyumba iri yonse, pakuti maganizo oipa afika ndi kupita, ndipo munthu amene sanapeze paizoni pafupi kawiri kawiri apulumuka.

7. Za akazi anu

Mau onsewa akhudza amai koposa. Iwo alima mizere yomweyo imene mulima inu. Pobwera asenza nkhuni, atunga madzi, aphika, asambitsa ana, ndipo adya pambuyo pa onse. Mai akagona, nyumba yonse yagona. Gawani nchito: anyamata atunge madzi ndi kutola nkhuni, inu mupite ku cigayo. Onani kuti ndiwo zafikira amai ndi ana, zisathere m'mbale ya abambo. Mai wapakati asasenze zolemera, apume masana, ndipo ayambe sikelo m'miyezi 3 yoyamba.

Musayese kugwira zonsezi tsiku limodzi. Sankhani cimodzi sabata lino, kapena kudya musanapite kumunda, kapena kupacika masikito, ndipo cikazolowereka muonjeze cina. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ana atsata cimene aona kwa atate ao. Mukasamba m'manja inu, naonso adzasamba.

Mafunso a kukambirana pabwalo

1. Ndi zinthu zitatu ziti zimene zikomana m'dzinja, ndipo zibvuta mlimi bwanji?

2. Dzulo banja lanu linadya magulu angati a zakudya? Mwasunga mtedza ndi nyemba zofikira Febuluwale kodi?

3. Madzi amene mumamwa kumunda acokera kuti?

4. Ndani m'nyumba mwanu agona kunja kwa masikito?

5. Mukabvutika mumtima, mumauza yani? Ndipo m'mudzi mwanu ndani wakhala cete masiku ano, amene mungapite kukamceza?