Kodi Akatswiri a Zachuma Amafufuza Chiyani? Mafunso ndi Mayankho

Kodi maphunziro a zachuma amaphunzitsa munthu kulemera?

Ayi. Nkhani yake ndi ya kusankha, poti zofuna za munthu n'zambiri koma ndalama, munda ndi nthawi n'zopereŵera. Mayi akagulitsa matumba aŵiri a soya, ndalamayo ikudikiridwa ndi fizi ya mwana, feteleza ndi malata. Akagula malata, katswiri amati mtengo wake weniweni ndi chimanga chimene feteleza uja akanabereketsa. Boma nalonso lili m'goli lomweli: ndalama yopita ku feteleza wotsika mtengo siingagulenso mankhwala a m'zipatala.

Anayambitsa maphunziroŵa ndani?

Ambiri amaŵerengera kuyambira 1776, pamene Adam Smith wa ku Scotland anatulutsa buku lake lotchedwa The Wealth of Nations.

N'chifukwa chiyani chimanga chimatchipa mu Meyi koma n'kudula mu Januwale?

Mu Meyi aliyense wangokolola, ngongole zikumuthina, ndiye onse amathamangira kwa venda wa sikelo pa nthawi imodzi. Ogulitsa akachuluka chotero mtengo umagwa. Pofika Januwale nkhokwe zagona, ogula achuluka, ndipo chimanga chili ndi anthu ochepa amene anali ndi ndalama yogulira, mankhwala a anankafumbwe ndi posungira. Mlimi yemwe uja amabwerera ndi kajumbo kukagula chimanga chake chomwe pa mtengo woboola m'thumba. Anthu amakwiyira venda, ndipo m'pomveka. Koma chimene chimamugulitsitsa mlimi msanga ndi kusoŵa ngongole yabwino yomufikitsa miyezi ya njala, ndipo apa m'pamene akatswiri ambiri a zachuma cha ulimi amaika maso.

Nanga kwacha ikagwa mphamvu, zimamukhudza bwanji munthu amene sanagwirepo dola?

Zimamukhudza kwambiri. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ambiri timagula kunja, ndipo kumeneko amafuna madola, amene ochuluka timaŵapeza pogulitsa fodya. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Zogula kunja zinakwera mtengo, minibasi zinakweza, ndipo wogulitsa tomato naye anakweza chifukwa tomatoyo amabwera pa galimoto.

Amadziŵa bwanji kuti zinthu zakwera ndi maperesenti akutiakuti?

Ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, ya ku Zomba, imalemba mitengo ya katundu m'misika mwezi ndi mwezi n'kuyerekeza ndi ya chaka chathachi. Chakudya chimatenga gawo lalikulu pa chiŵerengerochi, n'chifukwa chake mvula ikavuta nambalayo imalumpha.

Ine wosapita ku yunivesite zimenezi zindithandiza chiyani?

Misonkho mumapereka ndinu, ngakhale pogula mayunitsi a foni. Nduna ya zachuma ikamaŵerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, tcherani khutu pa wailesi. Pa lonjezo lililonse funsani phungu wanu kuti ndalamayo ichokera ku misonkho kapena ku ngongole, ndipo adzabweza ngongoleyo ndani.