Fungo Pathabwa: Katswiri Ayankha Makalata

"Kodi munthu angajambule bwanji fungo, pomwe silioneka?" Kalata yoyamba kuwerengedwa pa wailesi tsikulo inafunsa choncho, ndipo katswiri wa mbiri ya zojambula anayamba waseka.

"Zikomo bambo, mwafunsa za nzeru," iye anatero. Anafotokoza kuti mu 1617 ndi 1618, mumzinda wa Antwerp ku Flanders, komwe lero ndi Belgium, Jan Brueghel wamkulu ndi mnzake Peter Paul Rubens anajambula pamatabwa zithunzi zisanu: kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza. Rubens ankajambula anthu, Brueghel n'kudzaza malo otsalawo.

Pa kununkhiza anakhazika mayi m'munda wa maluwa, kamwana kakumupatsira ena. Pambali pali galu, fungwe yemwe mafuta ake ankalowa m'zonunkhiritsa, magolovesi ofukizidwa, ndi ziwiya zotchezera madzi a maluwa ngati mmene amatchezera kachasu. Diso likaona zonsezi, mphuno imakumbuka yokha. Mu 2022 nyumba ya Prado ku Madrid, komwe zithunzizi zimasungidwa, inakonza mafungo 10 oti alendo anunkhize ataima pafupi ndi chithunzichi.

Mayi wina analemba kufunsa ngati zithunzizi zili zachipembedzo. "Pang'ono chabe, mayi," anayankha katswiriyo. Pa chithunzi cha kuona, Venus, mulungu wamkazi wa Aroma, akuyang'ana kachithunzi ka Yesu akuchiritsa wakhungu, pomwe chapafupi pusi wagwira magalasi a maso, kuseka anthu openya osazindikira. Komatu chipinda chomwe alimo chadzaza ndi chuma: ziboliboli, mikanda yamtengo wapatali, ndi chipangizo choonera patali chomwe chinali chitangotulukira mu 1608. Muli ngakhale chithunzi cha Albert ndi Isabella, olamulira dzikolo. Katswiriyo sanabise maganizo ake: uku kunali kudzitama kwa anthu omwe anapumako nkhondo, pakuti kuyambira 1609 mpaka 1621 panali pangano losamenyana ndi anthu a ku Holland. N'chifukwa chake, m'kuona kwake, zovala zachitsulo za asilikali zangounjikidwa pansi pa chithunzi cha kukhudza.

Za kulawa anangodutsa: mayi ali patebulo, vinyo akutsanulidwa, nyama ili mbwee.

Nthawi itatha, iye anapempha omvera okhala ndi intaneti kuti atsegule tsamba la Prado n'kukulitsa chithunzi cha kumva, ayese kuwerenga zoimbira ndi mawotchi ali mmenemo, kenako alembe kalata.