ZA KUWAWA KWA MUTU

Palibe mudzi m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Kande kufikira ku Usisya, kumene sitimva mau akuti, "Mutu undiwawa." Koma mau amodzi omwewo abisa nthenda zosiyana. Mutu wina upola ndi madzi ndi tulo. Wina utengera munthu kumanda asanathe masiku awiri. Cifukwa cace, abale, tiphunzire kuisiyanitsa.

1. Mutu wa kutopa. Uwu ndiwo ucuruka koposa. Munthu amva monga wam'manga cingwe pamphumi, ndipo uwawa mbali zonse ziwiri, koma sumgoneka pansi. Ugwira msodzi amene wacezera m'bwato kusaka usipa, ndi mai amene watandala padzuwa m'munda wa cinangwa wosamwa madzi, ndi yense wakusenza nkhawa mumtima. Mankhwala ace ndiwo kumwa madzi, kudya, ndi kupumula pamthunzi. Panado athandiza, koma iye wakumwa Panado masiku 15 kapena kuposa, mwezi ndi mwezi, akhoza kudwala mutu cifukwa ca mankhwala omwewo.

2. Mutu wa cing'alang'ala. Kawiri kawiri ugwira mbali imodzi, nugunda monga ng'oma. Wodwalayo acita mseru, asanza, nadana nako kuwala ndi phokoso. Ena ayamba aona tonyezimira m'maso. Ukhala maora 4 kufikira masiku 3, nuleka, nubweranso tsiku lina. Ugwira akazi koposa amuna, ndipo utsata mtundu, kotero kuti tiupeza mwa mai ndi mwa mwana wace yemwe. Mkazi wotere akalephera kusinja cinangwa, tisamuyese waulesi, ndipo tisanenere mnzathu ufiti. Agone m'nyumba ya mdima mopanda phokoso. Kutema mphini sikuucotsa, ndipo lumo logwirizana lifalitsa nthenda zina.

3. Mutu wa malungo. Uwu udza pamodzi ndi kutentha kwa thupi, kunjenjemera, ndi kuphwanya kwa mafupa. Dziko lathu lino liudziwa kuyambira kale. Dr. Robert Laws anasamutsira misyoni ku Bandawe m'caka ca 1881, pothawa malungo a ku Cape Maclear; koma ndi kuno komwe anzace ena anafa, ndipo manda ao alipo kufikira lero. M'caka ca 1894 iye anakwera ku phiri la Khondowe. Masiku amenewo anthu sanadziwe cimene cifalitsa nthendayi, kufikira m'caka ca 1897, pamene Ronald Ross anapeza tizirombo tace m'mimba mwa udzudzu ku India. Ife tsono tidziwa. Pa cipatala ca Chintheche ayesa dontho limodzi la mwazi wa pacala, nauza munthu tsiku lomwelo ngati ali ndi malungo. Ndipo ukonde wa udzudzu ukhale pamwamba pa mphasa ya ana. Tisaphere nao nsomba.

4. Mutu wosayenera kugona nao m'nyumba. Tinyamule wodwala msanga, ngakhale ndi usiku, tikaona izi: khosi lauma ndi thupi latentha, akomoka, kapena alankhula zosamveka, mutu wamgwera dzidzidzi ndi ululu umene sanaumve ndi kale lonse, dzanja kapena mwendo walefuka, kapena pakamwa papotoka, asanza kapena aodzera atamenyeka pamutu. Koposa zonse tisamale mai wapakati. Mutu ukamuwawa kolimba, nkhope ndi manja zitatupa ndi maso akuona cimbuuzi, mwazi wace ukhoza kukhala uli kuthamanga koopsa, ndipo moyo wace ndi wa mwana uli pangozi.

Akuru anati, Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwala asabise ululu wace, ndipo ife omsunga tifunse zitatu: Kodi thupi latentha? Kodi khosi lipindika? Kodi mutu uwu ufanana ndi wa masiku onse, kapena ngwacilendo? Tikakayika, tisayembekeze kuti kuce. Tipite naye kucipatala.