Chithunzi Sichimva Ululu: Mafunso a Nyamakazi ya M'bondo

Muulutsi: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Kapata. Akuti: "Anandijambula X-ray chaka chatha ndi chaka chino. Akuti bondo silinasinthe, koma ine ndikumvako bwino. Kodi ndikudzinamiza?"

Dokotala: Ayi amayi, simukudzinamiza. X-ray imangoonetsa mafupa ndi mpata wa pakati pake, womwe umachepa kafupa kofewa kokuta nsonga za mafupa kakamatha. Timaika magiredi kuyambira 0 mpaka 4, njira ya Kellgren ndi Lawrence ya 1957. Koma chithunzi sichimva ululu. Ena chithunzi chawo n'choopsa, koma akupalira chimanga. Ena chili bwinobwino, koma usiku sagona. Ngati mukufika ku msika osapumira panjira, thandizo likugwira ntchito.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Katete. Bambo ake akuchita masewera olimbitsa ntchafu. Adziwa bwanji kuti sakutaya nthawi?

Dokotala: Funso limeneli ndalikonda. Kuchipatala tili ndi mafunso otchedwa WOMAC, opangidwa ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Alipo 24: asanu a ululu, awiri a kuuma kwa bondo, 17 a ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndi abwino, koma amafunsa za kuvala masokosi ndi kulowa m'bafa losambiramo chogona. Agogo a kumudzi ukawafunsa zimenezo amangokuyang'ana! Ine ndimawonjezera zathu: kodi mukutha kunjuta m'chimbudzi? Kudzuka pa mphasa popanda wokukokani? Kugwada m'tchalitchi? Mukupitabe ku maliro a pa mudzi woyandikana, kapena mwayamba kungotumiza ana? Funso lomalizali limandiuza zambiri, chifukwa munthu akasiya kusonkhana ndi anzake mtima umadwalanso.

Ndiye mwana wanga, gula kabuku. Kamodzi pa mwezi bambo akhale pa mpando wolimba, manja pa chifuwa, uwerenge kuti aimirira kangati m'masekondi 30. Iwe uime pafupi kuopa kugwa. Ululu aupatse nambala, 0 mpaka 10. Ulembenso mapiritsi amene amwa, chifukwa ululu ukatsika ndi diclofenac wa tsiku lililonse, m'mimba ndi impso zili pa ngozi. Kabukuko upite nako ku St Francis kapena ku Chipata Central pa tsiku loonana ndi adokotala.