Dothi la mfuko m'masaka a ndiwo zamasamba

Funso: Alangizi, mfuko zaunjika timilu ta dothi lofewa m'dimba mwanga. Kodi ndingalithire m'masaka n'kubzalamo mpiru ndi tomato? Mlimi wa ku Dedza.

Yankho: Inde, koma osati lokhalokha. Dothili limachokera pansi, choncho njere za udzu zimachepa, komanso chonde chimachepa, ndipo mukamathirira limagwirana mpaka mizu kusowa mpweya.

Sakanizani ndowa ziwiri za dothilo, imodzi ya manyowa owolerana bwino ndi imodzi ya mchenga wakumtsinje. Manyowa aawisi amawotcha mbande. Boolani masakawo kunsi kuti madzi azituluka. Dothi la pomwe panali fodya kapena tomato lisiyeni, limasunga matenda.

Mbewu zikamafota mukuthirira ndithu, zulani imodzi. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa, kaonetseni mlangizi wa m'dera lanu musanabzalenso.